Mutu Wachitatu M'galimoto ya Mayi Pettiford

Chimene Wara Condori ankaukondera mzere wodikirira magalimoto wa ku Woodbridge, kunja kwa mzinda wa Washington, n'chakuti palibe amene ankamufunsa kanthu. Umangofika pabwalo loimika magalimoto m'mamawa n'kuima kumbuyo kwa amene wamupeza. Galimoto ikafika, woyendetsa amatsitsa galasi n'kutchula kumene akupita, awiri akutsogolo n'kukwera. Si matola, sulipira kalikonse. Woyendetsayo akufuna mitu yokwanira kuti adutse mumsewu wa anthu atatu, umene sudzadza ngati inayo, iwe ukufuna kukafika ku tauni, basi nkhani yathera pomwepo. Malamulo ake aliyense amawadziwa. Sufunsa dzina. Suyamba kuyankhula pokhapokha woyendetsa atayamba. Sukhudza wailesi kapena galasi. Ndipo sulowa ndi chakudya kapena chakumwa m'galimoto ya mwini.

Malamulo amenewa anali ngati anapangira Wara. Kusukulu, kumene anali atangomaliza kumene, aphunzitsi akamuloza kuti ayankhe funso mawu ankamuthawa, makutu n'kuyamba kutentha, ngakhale yankho akulidziwa. Ntchito imene anapeza ku Crystal City, yodula tomato ndi anyezi kukhitchini ya kantini ina, anaikonda chifukwa inali ya kuseri. Munthu wotereyu sangaphwanye lamulo la kukhala chete. Limene anaphwanya ndi lomaliza lija.

Unali m'mawa wa mu Febuluwale, kunja kukuzizira mpaka m'mano. Akutuluka m'nyumba, mayi ake anamugwira mkono pakhomo n'kumupatsa kapu ya pulasitiki yotseka pamwamba. Munali api, chakumwa cha kwawo ku Bolivia, phala lamadzimadzi la chimanga cha pepo lothira zonunkhira za sinamoni.

"Amayi, saloleza."

"Ndani saloleza? Ukamwera pamzere, pokwera ukhala utamaliza. Taona mmene waondera. Anthu aziti sindikudyetsa."

Koma pamzere api uja ankawotchabe milomo, ndipo tsiku limenelo mzere unayenda msanga. Pamene galimoto yotuwa inaima, mayi woyendetsa n'kunena kuti, "Crystal City, awiri!", Wara anali ndi kapu yodzadza m'manja. Bini inali patali. Kukhuthulira pansi anthu akuona, anachita manyazi. Kuuza wa kumbuyo kuti pitani inuyo kunkafunika kutsegula pakamwa. Anangoibisa kapuyo m'kati mwa jekete n'kukwera kumbuyo. Kutsogolo kunakhala bambo wina wa tayi, amene anangomanga lamba n'kutseka maso.

Galimotoyo inali yosamalidwa. Kapeti yake inali yoyera ngati mkaka, ndipo wailesi inkaimba nyimbo za kwaya chapansipansi. Mayi woyendetsawo Wara anangowaona kumbuyo kokha: imvi zapatalipatali, ndolo zazing'ono, kolala ya yunifolomu yabuluu.

Atalowa mumsewu wa atatu uja, galimoto ya patsogolo pawo inamanga mabuleki mwadzidzidzi, nawonso mayi aja anaponda. Chivundikiro chinafwamphuka. Wara anamva kutentha pamimba, kenako pamwendo, ndipo poyang'ana pansi anaona chithaphwi cha pepo chikuyenda pakapeti yoyera ija pang'onopang'ono, ngati chili ndi kumene chikupita.

Anawerama. Anavula sikafu n'kuyamba kupukuta mwakachetechete, mutu uli pakati pa mawondo. Akamapukuta, banga limakula. Mayi aja ananunkhiza kawiri, n'kumuyang'ana cham'mbali bambo wogonayo. Mumtima Wara ankati, tikangodutsa mlatho uwu ndinena. Pepani mayi, ndataya chakumwa. Mawu ochepa chabe, oti ngakhale mwana wamng'ono angathe. Mlatho unadutsa. Anati ndinena nyimbo iyi ikatha. Nyimbo inatha, ina n'kuyamba, iye ali chiweramire, akupukuta.

Ndiye kuti pamene ankadutsa pamalo paja pamene apolisi amakonda kuima n'kumawerenga anthu m'magalimoto, m'galimoto yotuwa munkaoneka mitu iwiri yokha.

Wara sanaone zimenezo. Anangomva mayi aja akuti, "Ambuye wanga, ndalakwanso chiyani?" Atadzutsa mutu pang'ono anaona magetsi abuluu akuthwanima kumbuyo, chapatali ndithu. Anali atapatuka kale mumsewu waukulu. Mayi aja anakaima pamalo potsitsira anthu, ndipo nthawi yomweyo basi inalowa pakati pa iwo ndi galimoto ya polisi n'kuyamba kukhuthula anthu.

Tinganene kuti Wara sanaganize, koma si zoona. Anaganiza, kungoti anaganiza za banga lokha. Anaona m'maganizo wapolisi akutsegula chitseko, anthu onse akusuzumira, mayi aja akukuwa. Anatsegula yekha chitsekocho, n'kutsetsereka, n'kulowa m'chigulu cha anthu otsika basi.

Anakacheuka ali kale kuseri kwa chitseko cha galasi cha kuntchito kwake. Mayi aja anali atatuluka, akuloza mpando wakumbuyo ndi manja onse awiri. Wapolisi anasuzumira, n'kupukusa mutu. Bambo wa tayi anayasamula, anayang'ana wotchi, ananena kenakake kafupifupi n'kumapita. Wapolisi anayamba kulemba. Kuchokera pamene Wara anaima kufika pagalimotopo panali pafupi kwambiri. Anaima pomwepo mpaka wapolisi atamaliza.

Kuyambira tsiku limenelo anayamba kukwera basi. Basi imazungulira, ndiye ankadzuka msanga kuposa kale, ndipo mayi ake anawauza kuti pamzere pakuvuta masiku ano. Sikafu ija anaitaya m'bini ya kuntchito. Ankadziuza kuti mwina wapolisi anangowachenjeza. Ankadziuza kuti anthu a magalimoto abwino ngati aja tikiti imodzi ya chindapusa siiwagwedeza. Ankadziuza zambiri.

Nkhani inamupeza patebulo, akudya supu ya mtedza. Mchimwene wake wamkulu, Limbert, amene amagwira ntchito ya zamagetsi ku Washington, ankakwerabe pamzere uja.

"Kwathu kumzere kuli sewero laulere masiku ano," anatero Limbert, akunyema buledi. "Kuli mayi wina, Pettiford. Dzina tonse talidziwa chifukwa amalengeza okha. Akafika satchula n'komwe kopita. Amatuluka, manja m'chiuno: 'Mtsikana amene anakwera galimoto yanga n'kuthawa ali kuti? Atuluke, sindimudya!' Anthu angomutcha mzukwa mtsikanayo. Palibe anamuona, palibe akumudziwa."

"Anaba chiyani?" anafunsa mayi awo.

"Sanabe. Anasiya. Akuti mzukwa wake ndi wokodza pepo, unasiya chithaphwi pakapeti."

"Iwe, tikudya pano!"

Limbert anaseka, supuni ili m'mwamba. Kenako kuseka kuja kunayamba kuchepa. Anayang'ana poto wa api amene anali pachitofu. Anayang'ana mlongo wake, amene ankatakasa supu osadya.

"Wara. Unasiyiranji kukwera pamzere?"

Wara anapitiriza kutakasa supu.

"Iwe Warita, tandiyang'ana. Mu Woodbridge monse muno ndani winanso amayenda ndi zakumwa za pepo m'mamawa?"

"Chinangofwamphuka chokha, achimwene," anatero Wara, mawu ake ngati a udzudzu. "Chivundikiro."

Limbert anaika supuni pansi. Sanakalipe, ndipo Wara akanakonda akanakalipa. Anangofotokoza zimene mzere wonse unkadziwa. Mayi Pettiford amayendetsa kaminibasi konyamula okalamba kupita nawo kuchipatala kukatsukidwa magazi. Tikiti ya msewu wa atatu iyi inali yachiwiri. Yoyamba amavomera okha kuti analakwadi, kalekale. Koma yachiwiri imabwera ndi mapointi a chilango pa laisensi, ndipo kumene amagwira ntchito safuna dalaivala wa mapointi. Anali atawachotsa kale pachiwongolero. Ankatsuka magalimoto pabwalo podikira tsiku la mlandu.

"Akakaluza kukhoti, ntchito yatha. Mboni alibe. Bambo anakhala kutsogolo uja anauza wapolisi kuti iye anali mtulo, ndipo dzina lake palibe akulidziwa. Watsala ndiwe."

"Khoti?" Mayi awo anaimirira. "Ayi. Mwana wanga sapita kukhoti. Ife kuno tinabwerera ntchito, osati kudzaima pamaso pa majaji. Ukangolowa mmenemo dzina lako alilemba, ndipo silifufutika."

"Amayi, ndi khoti la zapamsewu. Sikuti wapha munthu."

"Iwe khala chete. Si iwe unamuphunzitsa zokwera magalimoto a anthu osawadziwa?"

"Nanga api anamupatsa ndani?"

Mayi awo anasonkhanitsa mbale, ina isanathe n'komwe, n'kukayamba kuzitsuka mwaphokoso. Limbert anaweramira kwa mlongo wake.

"Ine sindikakuulula, usaope. Koma mawa ndikaimanso pamzere paja n'kumawamva akukuwa, ndikudziwa. Wandisenzetsa katundu, mlongo."

Panapita masiku Wara asanalimbe mtima. M'mawa wina anavala chikhoti chakuda cha mayi ake, chipewa n'kuchikokera mpaka m'maso, n'kupita kumzere. Mawu anali atawakonza bwinobwino, atawanena kangapo pagalasi la kubafa. Patsogolo pake panaima Bambo Gus, mkulu wina wonenepa amene wakhala akukwera pamzerewo kuyambira kale, yekhayo amene aliyense amamudziwa dzina chifukwa lamulo la kukhala chete silinamugwirepo.

"Uyo akubwera mlenje wa mizukwa," anatero Bambo Gus mokweza, anthu n'kuseka.

Galimoto yotuwa inaima. Mayi Pettiford anatuluka n'kuyendetsa maso pamzere wonse, nkhope ndi nkhope. Anali aafupi kuposa mmene Wara ankaganizira, maso awo otopa. Maso aja anafika pa Wara, n'kupitirira. Akanamudziwa bwanji? Pamzere sayang'anana kumaso.

"Lero sindikuwa, mawu andithera," anatero. "Crystal City, awiri."

Awiri akutsogolo anali Bambo Gus ndi Wara.

Banga linali pomwe analisiya. Linali litatuwa, m'mbali mwake mukuoneka kuti munthu anakwecha ndi bulashi mpaka ubweya wa kapeti kuthothoka. Wara anasowa poika mapazi. Anawapinda n'kuwakanikiza kuchitseko, n'kukhala chomwecho mpaka miyendo kuchita dzanzi.

"Ndiye mlandu uli liti, mlongo?" anafunsa Bambo Gus asanatuluke n'komwe pabwalo.

"Lachinayi likubwerali, m'mawa, ku Arlington."

"Mboni?"

"Mboni ndi Yesu."

"Amene uja sabwera kukhoti la zapamsewu, ndinamuyesapo. Tamverani, bwanji osangotenga mtsikana aliyense? Mwana wa mchemwali wanu, kaya wa kutchalitchi. Akangonena kuti ndinali ine, ndinagona. Jaji adziwa bwanji?"

"Gus, ine ndimaimba kwaya. Ndikaimike mwana wa eni kuti alumbire bodza?"

"Bodza lake liti? Munthu analimo! Mukungobwereka nkhope basi." Bambo Gus anatembenuka movutikira, lamba akumukoka pamimba. "Ngakhale uyu angathe. Taonani nkhope yake, ngati sanaphepo ndi nyerere yomwe. Iwe mwana, sungakonde kukhala mzukwa kwa tsiku limodzi?"

Mpata unali umenewo. Woyendetsa anali atayankhula, funso linali litafunsidwa kwa iye mwini, panalibenso lamulo loti abisalemo. Wara anatsegula pakamwa.

"Musiye mwana, Gus, wamuchititsa manyazi," anatero Mayi Pettiford. Anamuyang'ana pagalasi, maso awo n'kufewa. "Usamumvere ameneyu, mwanangu. Anagwa pamutu ali wakhanda."

Wara anamwetulira. Chimenechi ndi chimene chinkamuwawa kwambiri pambuyo pake akakumbukira, kuti anamwetulira.

Ulendo wonse Mayi Pettiford anakamba za okalamba awo. Za Bambo Abernathy, amene sakwera minibasi pokhapokha atanyozana nawo kaye pang'ono. Za Mayi Ruth, amene saona bwino ndipo amadziwa dalaivala pomugwira dzanja. Mnyamata amene anawapatsa m'malo mwawo, akuti, amanyamula anthu ngati matumba a simenti, ndipo Mayi Ruth anakana kukwera tsiku lina mpaka mwana wawo anachita kuchoka kuntchito kudzawanyengerera.

"Mtsikanayo sindikumufunira zoipa," anatero atayandikira potsikira. "Ndikungofuna ndidziwe kuti ndinamulakwira chiyani kuti andisiye chonchija. Ndinamunyamula bwinobwino. Mwina ndinayendetsa moipa? Mwina wailesi inamusokosera? Ndimaganiza mpaka mutu kuwawa."

Galimoto inaima. Bambo Gus anatsika akubuula. Wara anagwira chitseko, n'kukhala kaye pang'ono. Mayi Pettiford anadikira.

"Zikomo," anatero Wara, n'kutsika.

Tsiku limenelo kukhitchini anapempha kuti anyezi onse adule yekha.

Lachinayi m'mawa anasita bulauzi yoyera. Mayi ake anamupeza akuivala. Anayang'ana bulauziyo, n'kuyang'ana yunifolomu ya kuntchito imene inali pampando.

"Kukantini ayamba kuvala zoyera?"

Wara anapitiriza kumanga mabatani. Mayi ake anapuma mozama. Anatenga chipeso n'kumukhazika pabedi ngati mwana, n'kuyamba kumumanga tsitsi mokoka kwambiri.

"Ukakafika uziyankha zimene akufunsa zokha. Za ine usatchule. Ndipo uimirire mowongoka, usakhale ngati wakuba."

Chipinda cha khoti chinali ndi mabenchi ngati a m'tchalitchi, chodzadza ndi anthu ogwira mapepala awo. Wara anakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi bambo wina wamkulu thupi wovala thalauza ya madontho a penti. Jaji anali bambo wamng'ono wadazi, magalasi ali kunsonga ya mphuno, ndipo milandu ankaidula msangamsanga. Wina anathamanga kwambiri, wina sanaime pa roboti. Aliyense anali ndi chifukwa chake, ndipo jaji ankaoneka kuti zifukwa zonsezo anazimvapo kale.

Ataitana dzina la Odessa Pettiford, mayi aja anapita kutsogolo atavala diresi la kutchalitchi. Wapolisi uja, mnyamata wamtali, ananena mbali yake mwachidule: anaona mitu iwiri, anatsatira galimoto, ataima anapezamo anthu awiri. Mayi Pettiford anafotokoza za mtsikana, kenako anapereka foni yawo kuti jaji aone chithunzi.

"Dzina la mtsikanayo?"

"Sitifunsana mayina, bwana. Ndi mmene timayendera."

"Ndikudziwa mmene mumayendera, mayi, inenso ndinakwerapo." Jaji anayang'ana foni ija, n'kuibweza. "Chithunzichi chikundionetsa kapeti yothimbirira. Yanganso kunyumba ndi yothimbirira, koma sindiiwerenga ngati munthu."

Anthu anaseka. Mayi Pettiford sanaseke. Anagwira chikwama chawo ndi manja awiri, mapewa n'kugwa. Jaji anatenga cholembera.

Wara anapezeka ataimirira.

"Ndinali ine."

Palibe anamva, kupatula bambo wa penti uja. Anamuyang'ana, anayang'ana kutsogolo, kenako anakuwa ndi mawu ogwedeza mawindo: "Bwana! Kamtsikana aka kakuti kanali iko!"

Mitu yonse inatembenuka. Njira yopita kutsogolo inali yaitali, ndipo nsapato zake zinkalira pa sitepe iliyonse. Anamuuza kuti akweze dzanja, analumbira, anatchula dzina lake, jaji n'kumuuza kuti alitchulenso mokweza.

"Mayi Pettiford, ndi ameneyu?"

Mayi Pettiford anamuyang'ana nthawi yaitali. Wara anaona nkhope yawo ikusintha pang'onopang'ono.

"Bwana, sindinganame. Wa tsiku lija sindinamuone kumaso. Koma uyu ndikumudziwa. Anakwera galimoto yanga masiku apitawa."

Jaji anavula magalasi. "Ndiye kuti munakambirana?"

"Ayi, bwana. Sanatsegule pakamwa ulendo wonse."

"N'zoona zimenezi, chemwali? Unakweranso?"

"Inde, bwana."

"Unawamva akudandaula za mlanduwu?"

"Inde."

"Osanena kanthu?"

"Inde, bwana."

Wara ankamva kutentha kuyambira m'khosi mpaka m'makutu. Jaji anamufunsa chifukwa chimene mutu wake sunaonekere, ndipo iye anayamba kufotokoza, mawu akuduka, akuyang'ana m'mphepete mwa tebulo. Ananena za kapu ya m'jekete, za mabuleki, za sikafu, za basi imene inalowa pakati. Ananena kuti anaima kuseri kwa chitseko cha galasi n'kumaonerera. Chimenecho sanamufunse, koma anachinena.

"Chinali chakumwa chanji?"

"Api, bwana. Ndi cha chimanga cha pepo. Amathiramo sinamoni."

"Ine ndimayesa ndi perefyumu wa bambo uja," anang'ung'udza Mayi Pettiford.

Jaji anatembenukira kwa wapolisi. Mnyamatayo anakanda kumbuyo kwa khutu.

"Bwana, nditasuzumira m'galimotomo munalidi fungo la sinamoni, ndipo pansi panali ponyowa. Basi inanditchingadi kwa kanthawi. Ndinaona mitu iwiri, pamenepo sindisintha. Koma sindingalumbire kuti pansi panalibe munthu."

Jaji anavalanso magalasi n'kulemba. "Mlandu wathetsedwa. Mayi, pitani. Ndipo iwe chemwali, ulendo wina uzikhala tsonga m'galimoto. Boma limawerenga mitu, osati misana. Wotsatira!"

Panja pa chipindacho, Mayi Pettiford sanamuyang'ane Wara. Anaima pawindo n'kuimba foni. "Ndi Odessa. Zatha, andimasula. Lolemba ndikufuna makiyi anga ndi okalamba anga, ndipo mnyamata uja mumuuze achotsemo zinyalala zake." Anamvetsera pang'ono, anati chabwino, n'kudula. Anakhala kaye chofulatira, akupukuta m'maso ndi chala. Kenako anatembenuka.

Wara anali ataima pafupi ndi khoma, manja kumbuyo.

"Wara, eti? Sendera kuno. Ndinanena kuti sindikudya."

Anasendera.

"Kutaya chakumwa, aliyense amataya. Kuthawa apolisi, chabwino, unachita mantha, ndiwe mwana. Zimenezo ndikanaiwala pofika Lamlungu. Koma tsiku lija unakhala kumbuyo kwanga. Ine n'kukutchula mwanangu. N'kukuteteza kwa Gus. N'kumadzifunsa pamaso pako kuti ndinakulakwira chiyani."

"Ndinkafuna kunena, mayi."

"Ndikudziwa kuti unkafuna. Ndinakuona utagwira chitseko." Anatambasula manja awo. Khungu linali long'aluka m'mfundo za zala, mwina mofiira, mwina mouma ngati mamba. "Kufuna kwakoko ine ndatsuka nako magalimoto pachisanu. Mayi Ruth anaphonya tsiku lawo la kuchipatala. Munthu wotsukidwa magazi saphonya tsiku, ukudziwa zimenezo?"

"Pepani, mayi."

"Ndamva."

"Simunandilakwire chilichonse. Munayendetsa bwino."

Mayi Pettiford anatulutsa kamawu kokhala ngati kuseka, koma sikanali kuseka. Anakoleka chikwama paphewa.

"Wabwera, ndipo ndaona mmene miyendo imanjenjemerera. Sindikunyoza zimenezo. Koma kuthokoza sindikuthokoza lero, ndinganame. Mwina tsiku lina, mtima ukatsika."

Anapita, nsapato zawo za kutchalitchi zikugogoda pansi mpaka pamasitepe.

Patapita kanthawi bambo wa penti uja anatuluka, akupinda pepala lake mokwiya. Ataona Wara anamumenya paphewa mpaka kudzandira. "Wachita chamuna, kamtsikana! Ine andikhaulitsa, ndinalibe mzukwa wondiimira." Anapitirira akuseka yekha.

Foni inanjenjemera m'thumba. Anali Limbert, akufunsa ngati zatheka. Wara analemba kuti apambana. Nthawi yomweyo kunabwera tizithunzi ta manja owomba, mzere wathunthu, ndi mawu akuti ndiwe ngwazi, mlongo. Anayang'ana pang'ono n'kuibweza foni m'thumba osayankha.

Anasendera pawindo. Pansi, pabwalo, Mayi Pettiford anali atafika pagalimoto yawo. Ankafufuza m'chikwama. Atatulutsa makiyi, zala zinakanika kuwagwira bwino, ndipo anagwera pansi. Anawerama pang'onopang'ono, dzanja lina litagwira chitseko, n'kuwatola. Anauzira mpweya m'manja, anawafikisa pachikhoti, n'kuyesanso.